Funsani Mmisiri: Giza ya gasi ikayamba kuvuta

Chiyambire mwezi wa Juni, pamene mwera wayamba kuomba ndipo madzi a m'mawa akuchita kuluma m'manja, makalata ambiri ochokera m'boma la Kasungu akufunsa za giza yotenthetsa madzi ndi gasi. Mabanja ambiri anagula chipangizochi pothawa kuthimathima kwa magetsi ndi kukwera mtengo kwa makala, koma amisiri ochidziwa bwino ngosowa kunja kwa mizinda ikuluikulu. Ndasankha makalata asanu, ndipo ndayambira pa kalata imene singadikire.

FUNSO: Akulu, ine ndine mphunzitsi ndipo ndimakhala ku Santhe. Chaka chatha ndinagula giza ya gasi ku Lilongwe, ndipo amene anadzailumikiza anaikhomera m'bafa mwenimweni, pafupi ndi shawa, ponena kuti panja ingabedwe. Kwa miyezi ingapo zonse zinali bwino, koma masiku ano mayi a kunyumba akatuluka m'bafa amadandaula mutu ndi chizungulire, ndipo sabata yatha mwana wathu anasanza atangomaliza kusamba. Tinkayesa malungo, koma kuchipatala sanawapeze. Ndaonanso kuti moto wa m'gizamo wasanduka wachikasu ndipo khoma layamba kuda pamwamba pake. Zenera la bafa timatseka chifukwa cha kuzizira. Kodi zimenezi n'zogwirizana?

YANKHO: Aphunzitsi, musanapitirize kuwerenga yankho ili, katsekeni gasi pa silinda, ndipo pasapezeke munthu wosambanso ndi gizayo mpaka itachotsedwa m'bafamo. Zimene mwalongosolazi ndi zizindikiro za mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide, womwe umatuluka gasi akamayaka pamalo poperewera mpweya wabwino. Ndi mpweya womwewo umene umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka m'nyengo ino yozizira, ndipo tonse tinamvapo za maliro oterowo. Kuopsa kwake n'kwakuti suoneka ndiponso sununkha. Fungo limene mumalimva gasi akamatayika ndi la mankhwala amene ogulitsa amathiramo dala kuti anthu azizindikira msanga, koma mpweya uwu wotuluka m'moto sudziwitsa ndi fungo lililonse. Ukalowa m'mapapo umakakamira m'magazi mwamphamvu yoposa ya mpweya wabwino kopitirira maulendo 200, motero ubongo ndi mtima zimayamba kuperewedwa mpweya munthu akupuma ngati masiku onse. Amayamba kumva mutu, kenako chizungulire ndi nseru, miyendo imalefuka, ndipo angathe kukomoka asanafike pa chitseko. Ana, amayi oyembekezera ndi okalamba ndiwo amagonja msanga.

Kusiyana kwake ndi malungo n'kosavuta kukuona: thupi silitentha, anthu angapo a nyumba imodzi amadandaula zofanana pa nthawi imodzimodzi ya tsiku, ndipo wodwalayo amapezako bwino akakhala panja kwa kanthawi. Wina akadzakomokera m'bafa, tsegulani chitseko ndi zenera, mutulutsireni pabwalo, ndipo muthamange naye kuchipatala ngakhale atatsitsimuka. Kumeneko mukanene mosabisa kuti amasamba m'chipinda momwe mumayaka gasi, chifukwa dokotala amene sanauzidwe zimenezi adzayamba n'kufufuza matenda ena. Mayi ndi mwanayo ndi bwino abwerere kuchipatala ndi uthenga umenewu ngati mutu ukupitirirabe.

Moto wa giza yabwinobwino umakhala wobiriwira ngati thambo, wofupika ndi wolingana mizere yonse. Ukakhala wachikasu, wautali ndi wosiya mwaye, ndiye kuti gasi sakupsa mokwanira. Kwa inu chifukwa choyamba ndi bafa lotsekalo, momwe moto ndi munthu akulimbirana mpweya wochepa, nthunzi nayo itadzaza. Komanso mwaye ukayamba kuunjikana pa timapepala ta mkuwa timene moto umadutsamo, njira ya utsi imachepa, moto umaipirako, mwaye n'kumawonjezekabe. N'chifukwa chake miyezi yoyamba simunaone vuto. Fumbi, ukonde wa kangaude ndi zisa za mavu m'timabowo totulukira gasi zimachititsanso chimodzimodzi, ndipo kuno kwathu, kumene fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala limalowa paliponse, giza imayenera kutsegulidwa ndi kupukutidwa ndi mmisiri kamodzi pa chaka.

Malo a giza yamtundu uwu ndi panja, pa khoma la kuseri kwa bafa, ndipo m'nyumba muzingolowa payipi ya madzi otentha basi. Nkhawa ya akuba ndi yomveka, koma yankho lake ndi khola lachitsulo lokhala ndi loko, lomwe wowotcherera aliyense pa Santhe angakupangireni, lokhala ndi kadenga koteteza mvula ndi mipata yokwanira pansi ndi pamwamba. Utsi uzitulukira m'chumuni choloza kumwamba, kutali ndi zenera, ndipo chumunicho chisathere pansi pa khonde lotseka. Silinda nayo ikhale panja, choimirira, pamthunzi. Alipo magiza opangidwira m'nyumba, otsekeka mbali zonse, amene amakoka mpweya kunja n'kutulutsiranso utsi kunja komweko, koma ngokwera mtengo, ndipo yanu siili m'gulu limenelo popeza ikudetsa khoma. Ndinene mosapsatira mawu kuti amene anakulumikizirani analakwitsa kwambiri, ndipo ntchito yosamutsayi muipereke kwa wina. Mmisiri watsopanoyo asangosamutsa, koma achotsenso mwaye wonse ndi kukuonetsani moto wobiriwira asanalandire malipiro.

FUNSO: Bambo Mmisiri, giza yathu inkagwira bwino ntchito pamene tinkakhala m'tauni ya Kasungu, kumene timamwa madzi a m'mipope. Tasamukira ku Mtunthama m'nyumba yathuyathu, ndipo madzi timapopa pa chitsime ndi pampu ya sola kupita m'thanki imene ili pa nsanja ya mamita atatu. Chisamukireni gizayo siikuyaka, ngakhale gasi ndi wodzaza ndipo sitovu ikuyaka bwinobwino. Bambo a kunyumba akuti inawonongeka pa ulendo ndipo tigule ina. Kodi n'zoona? Ndine mayi wa ku Mtunthama.

YANKHO: Mayi, awuzeni bambo asunge kaye ndalamazo, chifukwa ndikukayika ngati gizayo ili ndi vuto. Giza ya gasi siisunga madzi ngati ya magetsi, koma imawatenthetsa pamene akudutsa, ndipo chimene chimaiyatsa ndi madziwo. Mukatsegula mpope wa madzi otentha, madzi amakankha kachikopa ka labala kamene kali m'kati, kachikopako kamakankha kamsomali, kamsomaliko n'kugunda kaswitchi kotumiza mphamvu ya mabatire ku kachitsulo kothetheka, ndipo nthawi yomweyo njira ya gasi imatseguka. Madzi akakhala opanda mphamvu, kachikopa kaja sikasuntha, ndipo zina zonsezo sizichitika.

Mphamvu ya madzi a m'thanki imachokera ku kutalika kokha, osati ku kukula kwa thankiyo. Mamita 10 a kutalika ndiwo amapereka muyeso wa 1 bar, ndipo kutalikako amayeza kuchokera pamene madzi alekeza m'thanki kufika potulukira madzi. Nsanja yanu ndi ya mamita atatu, shawa ili pa mamita awiri, motero ngakhale thanki itadzaza mwatsala ndi mamita awiri kapena atatu okha, omwe ndi 0.2 kapena 0.3 bar, ndipo mapayipi opyapyala ndi makona ake amadyakonso ina. Magiza ambiri amafuna mphamvu yoposa pamenepo. Nambala yeniyeni ya giza yanu yalembedwa pa kachikwangwani kamene kali m'mbali mwake.

Pali mayeso amene mungachite nokha lero. Tsegulani mpope wa madzi otentha, muimike munthu pafupi ndi giza kuti amvetsere. Ngati sikukumveka kuthetheka kulikonse, vuto ndi madzi kapena mabatire. Mabatirewo amakhala awiri, aakulu ngati a tochi zakale, m'kabokosi ka pansi pa giza, ndipo ndi oyamba kuwasintha popeza ndi otsika mtengo. Ikani atsopano amphamvu, ndipo mupale dzimbiri pa tizitsulo togunda mabatirewo ngati lilipo. Kenako chotsani chisa cha shawa, mutsegulenso mpope. Giza ikayaka chisacho chitachotsedwa, mwadziwa kuti mphamvu ya madzi ili m'malire ndipo timabowo ta shawa ndi timene tikutsekereza. Tengani ndowa ya malita 20, muone nthawi imene ikutenga kuti idzaze. Ikapyola mphindi 7, ndiye kuti madzi sakufika malita atatu pa mphindi, ndipo magiza ambiri sayaka pa mlingo wotsika chotero. Musaiwale kasefa kamene kali polowera madzi ozizira pansi pa giza. Madzi a pa chitsime amabwera ndi mchenga, ndipo m'nyumba yatsopano mapayipi amakhalanso ndi zinyenyeswa zimene omanga anasiya. Tsekani madzi, mumasule polumikizirapo, mutsuke kasefako ndi mswachi wakale.

Zonsezi zikalephera, njira zilipo: kukweza nsanja, kuika kapampu kowonjezera mphamvu pa payipi yopita ku giza, kapena kusinthanitsa gizayo ndi ina yopangidwira madzi ofooka. Kwa inu amene muli kale ndi sola, kapampu ndiko ndingasankhe, chifukwa kukweza thanki yodzaza madzi kumafuna nsanja yolimba zedi, poti malita 1,000 amalemera tani yathunthu. Koma mukamva kuthetheka popanda moto, kumbukirani kuti posamuka payipi ya gasi imadzaza mpweya wamba, ndipo pamafunika kutsegula ndi kutseka mpope maulendo angapo kuti gasi afike. Moto ukayaka n'kuzima pakangopita masekondi ochepa, kachitsulo kozindikira moto ndiko kada kapena kasuntha, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mmisiri.

FUNSO: Ndili ndi nyumba yogona alendo pa Chinkhoma, ndipo nyengo ya msika wa fodya zipinda zimadzaza. Giza imodzi ya malita 16 imatumikira mabafa atatu, ndipo madzi ndi a pa mjigo umene tinaikapo pampu. Alendo akudandaula kuti madzi amatentha mpaka kuwotcha, akathira ozizira giza imazima, ndipo m'gizamo mukumveka phokoso ngati ketulo ikuwira. Ndichite chiyani?

YANKHO: Bambo, yambani mwasuzumira m'ketulo ya kukhitchini kwanu. Mukapeza zoyera zouma zokhala ngati njereza zitamatirira pansi pake, dziwani kuti zomwezo zamatiriranso m'kapayipi ka mkuwa kamene kamazungulira pamwamba pa moto m'giza yanu. Madzi ambiri a pansi pa nthaka amakhala ndi miyala yosungunuka imene imauma madzi akatenthedwa, makamaka akapyola madigiri 60. Kapayipi kakachepa m'kati, madzi amadutsa ochepa pa moto waukulu womwe uja, n'chifukwa chake akuwotcha, ndipo phokoso mukulimvalo ndi la madzi amene akuwira pakati pa zoumazo. Vutoli likalekereredwa, mkuwawo umapsa n'kubooka, ndipo mtengo wa chigawo chimenecho susiyana kwenikweni ndi wa giza yatsopano.

Mankhwala ake ndi kutsuka m'kati. Pulambala amatseka gasi ndi madzi, amalumikiza kapampu ndi ndowa ku mapayipi awiri a giza, n'kuzungulitsa viniga woyera m'menemo kwa pafupifupi ola limodzi, kenako n'kutsukuluza ndi madzi ambiri. Ndamvapo ena akulangiza asidi wa m'batire ya galimoto kuti ntchito ifulumire. Musalole zimenezo, chifukwa asidi ameneyo amawononga zitsulo ndi malabala a m'kati, ndiponso ndi woopsa kwa munthu amene adzasambe pambuyo pake. Pa madzi ngati anuwa, kutsukaku kuzichitika kawiri pa chaka, msika usanatsegulidwe ndiponso utatsekedwa. Zisa za shawa muzizimiza mu viniga usiku wonse mwezi uliwonse, ndipo ntchito imeneyo anyamata anu angaichite okha.

Kuzima kwa giza alendo akathira madzi ozizira kuli ndi chifukwa chake. Madzi ozizira ndi otentha akuchokera ku mjigo umodzi, motero mpope wozizira ukatsegulidwa kwambiri, amene akudutsa m'giza amachepa mpaka gizayo imaona ngati mpope watsekedwa. Njira yabwino ndi kutchera giza kuti izitulutsa madzi ofunda mosambika, a madigiri 40 kapena kupitirira pang'ono, kuti mlendo asafunenso kusakaniza. Pa giza pali zopotokola ziwiri, china cha moto china cha madzi: chepetsani moto, muwonjezere madzi, kufikira dzanja litapirira bwino. Mukatero mwapulumutsa gasi ndipo zouma zija zichedwa kubwerera. Mukhome loko pa khola la gizayo, chifukwa mlendo aliyense amadziona ngati katswiri. Dziwaninso kuti magiza ambiri amazima okha akayaka mphindi 20 mosalekeza, ndipo chimenecho ndi chitetezo, si kuwonongeka. Mlendo angotseka mpope n'kutsegulanso.

Pa za mabafa atatu, malita 16 olembedwawo akutanthauza kuti giza ingatenthetse malita 16 pa mphindi powonjezera madigiri 25 pa kutentha kumene madzi abwera nako. Zimenezi zimakwanira mashawa awiri, koma atatu pa nthawi imodzi m'mawa wa Julayi n'kuipempha zimene singathe. Ngati ndalama ya chaka chino yalola, giza yachiwiri ingakuchotsereni madandaulo ambiri.

FUNSO: Akulu, silinda ya makilogalamu 9 ikutha m'masiku 10 okha, pamene timangoigwiritsa ntchito pa giza ya malita 12. M'nyumba tilimo anthu 7. Ndikuganiza kuti kumene ndimadzazitsa amandibera. Komanso silinda imachita thukuta lozizira tikamasamba, moto n'kumachepa, ndipo nthawi zina ndimamva kafungo pafupi ndi legyuleta, kachipangizo ka pamutu pa silinda kochepetsa mphamvu ya gasi. Ndine bambo wa m'tauni ya Kasungu.

YANKHO: Bambo, tisanaloze munthu chala tiyeni tiwerengetsere. Giza ya malita 12 ikamayaka ndi mphamvu yake yonse imadya gasi wotsala pang'ono kukwana makilogalamu awiri pa ola. Anthu 7 akasamba mphindi zisanu aliyense, giza yayaka mphindi 35, zomwe ndi pafupifupi kilogalamu imodzi pa tsiku. Silinda ya makilogalamu 9 kutha m'masiku 10 ndi masamu oyenera, ndipo wogulitsayo mwina alibe mlandu. Anthu ambiri amayerekeza giza ndi sitovu, osadziwa kuti moto wa giza umaposa wa diso limodzi la sitovu maulendo 10 kapena kuyandikira pamenepo. Kuti mtima ukhale pansi, yang'anani pa chogwirira cha silinda, pamene padindidwa kulemera kwake ikakhala yopanda kanthu. Muwonjezere 9 pa nambala imeneyo, ndipo mupemphe kuti silinda ikwezedwe pa sikelo inu mukuona. Muzidzazitsa kwa ogulitsa okhala ndi chiphaso cha bungwe la MERA, lomwe limayang'anira malonda a gasi m'dziko muno.

Thukutalo nalo lili ndi tanthauzo. M'silinda gasi amakhala wamadzimadzi, ndipo kuti asanduke mpweya amakoka kutentha kuchokera ku chitsulo cha silindayo. Giza ikamakoka gasi wambiri pa silinda yaing'ono, chitsulo chimazizira, mame amagwirapo, ndipo gasi amatuluka mofooka, makamaka m'mawa wozizira kapena silinda ikatsala pang'ono kutha. Silinda ya makilogalamu 19 kapena 48 ndiyo yolingana ndi giza yanu. Musayese kuiwotha pa moto, kuigoneka kapena kuigwedeza kuti gasi atuluke msanga, chifukwa gasi wamadzimadzi akalowa mu legyuleta moto umabuka mosalamulirika.

Kafungoko ndiko kandidetsa nkhawa kuposa zina zonse m'kalata yanu. Sungunulani sopo m'madzi mpaka achite thovu, mutsegule silinda giza isakuyaka, ndipo mupake thovulo pa mutu wa silinda, pa legyuleta, ndi polumikizira ponse mpaka pa giza. Pamene thovu likufufuma ndi pamene gasi akutayikira. Machesi kapena kandulo si zoyesera gasi, ngakhale alipo amene amadzitama nazo. Kawirikawiri cholakwa chimakhala kalabala kakang'ono ka pamphuno pa legyuleta kamene kaphwanyika kapena kagwa posintha silinda, kapena payipi ya labala imene yang'aluka ndi dzuwa. Payipi yoteroyo siimatidwa ndi tepi kapena kumangidwa ndi mphira, koma imasinthidwa ndi ina yopangidwira gasi, osati ya madzi a m'dimba, ndipo kumapeto kwake kumangidwe ndi zomangira zachitsulo. Onetsetsaninso kuti legyuleta ndi ya mphamvu yochepa, yolembedwa 2.8 kPa kapena nambala imene giza yanu ikufuna, osati ija yopotokola ya masitovu akuluakulu ophikira pa ukwati. Gasi wa m'silinda ndi wolemera kuposa mpweya wamba, choncho akatayika sakwera kumwamba koma amayenda pansi n'kukadikha m'maenje ndi m'ngalande. Fungo likadzakula, tsekani silinda, mutsegule zitseko ndi mazenera, muzimitse mbaula, ndipo pasakhale wokhudza switchi ya magetsi, kaya kuyatsa kaya kuzimitsa, kufikira fungolo litatheratu.

FUNSO: Achimwene anga amene amakhala ku London anatitumizira giza ya gasi m'katundu wawo. Pa kachikwangwani kake palembedwa G20. Mmisiri wina kuno ku Nkhamenya akuti angailumikize ku silinda yathu, ndipo moto ukakula adzaphwanyako timabowo ndi hamala kuti tichepe. Ndimulole?

YANKHO: Mayi, musamulole. Chizindikiro cha G20 chikutanthauza gasi wa m'mapayipi amene nyumba za ku Britain zimalandira, yemwe ndi wosiyana ndi wathu wa m'silinda, amene amalembedwa LPG, G30 kapena G31. Gasi wathu ali ndi mphamvu zambiri pa muyeso womwewo ndipo amafuna mpweya wochuluka kuti apse, motero timabowo ta giza yakeyo timakhala ting'onoting'ono. Mukalumikiza gizayo mmene ililimu, mudzapeza moto waukulu wachikasu, mwaye, ndi mpweya wapoizoni uja tafotokoza m'yankho loyamba, ndipo hamala singapange bowo la muyeso wolondola. Magiza ena amatheka kusinthidwa ndi zipangizo zochokera ku kampani imene inawapanga. Jambulani kachikwangwaniko muwatumizire achimwenewo kuti akafunse ngati zipangizo zosinthira ku LPG za mtundu umenewo zilipo, ndipo afunsenso ngati gizayo imafuna magetsi kuti iyake, popeza ambiri a kumeneko sayaka magetsi akathima. Zipangizozo zisanafike, gizayo ikhale m'katoni yake.